Kubira kwa alendo kusasanduke kubera asodzi

Amalawi ambiri amene amapita ku Dar es Salaam amathera kudoko kokatenga galimoto kapena ku Kariakoo kokapikula katundu, kenaka ulendo wobwerera ku Songwe. Ndi ochepa amene amawolokera ku Zanzibar, ngakhale pa boti lothamanga ndi ulendo wa maola awiri okha. Komatu mu 2024 zilumba zimenezi zidalandira alendo akunja oposa 700,000, ndipo ena mwa iwo adalipira ndalama zoti kuno mungagulire matumba angapo a feteleza pofuna chinthu chimodzi chokha: kukaona nsomba zimene sadya, sagwira, ngakhale kuzikhudza kumene.

Kwa ife a kumtunda, amene nsomba timaidziwa ili pathandala, youma kapena yowamba, izi zimamveka ngati zochita za anthu okhuta. Koma ndi bizinesi yaikulu zedi, ndipo eni ake ali ndi mfundo imene amaikonda. Ati nsomba yakufa imagulitsidwa kamodzi pomwe yamoyo imalipiritsa alendo tsiku ndi tsiku. Mfundoyi sindikuitsutsa ayi. Changa n'chakuti ndalamayo imalowa m'thumba mwa yani, chifukwa amene amauzidwa kuti achotse ukonde wake pamalopo si mwini hotela.

Tiyambe ndi kubirako, kapena kuti kusambira pansi pa madzi. Si kuja kwa anyamata a ku Senga Bay kotsina mphuno n'kuvuuka isanathe mphindi. Uku munthu amabereka botolo lachitsulo lodzaza ndi mpweya wamba womwe timapumawu, koma wopanikizidwa kwambiri, n'kumapuma kudzera m'kapaipi kamene waluma pakamwa. Kumaso amavala galasi, kumapazi zipsepse za labala. Makina opumirawa adawakonza ndi Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan a ku France mu 1943. Botolo limodzi limatha pafupifupi ola, malinga ndi kuya kwa pamene munthu wafika. Wamantha amalimaliza msanga chifukwa amapuma mwawefuwefu.

Si masewera ongodumphira. Ukamatsika, madzi amanka nakupanikiza, ndipo mpweya wa nitrogen umalowerera m'magazi. Ukavuuka mothamanga mpweyawo umachita thovu monga imachitira Fanta yokhutchumula ukaitsekula mwadzidzidzi, ndipo munthu akhoza kupuwala kapena kufa kumene. N'chifukwa chake kuli sukulu zake. Maphunziro oyamba amatenga masiku atatu kapena anayi, amadya madola a ku America mazana angapo, ndipo setifiketi yake imakulola kutsika mamita 18 basi. Nkhani ya madolayi muisunge, tibwererako.

Chimene amakaona pansipo ndi makorali, amene Aswahili amawatcha matumbawe. M'nyanja yathu mulibe chifukwa amafuna madzi amchere, ofunda ndi oyera. Ukawaona amangokhala ngati miyala yamaluwa, ena ngati nyanga za gwape, ena ngati bowa kapena ubongo, koma ndi zamoyo. Ndi tizilombo ting'onoting'ono tokhala pamodzi miyandamiyanda, tomanga nyumba za laimu, mbadwo wina pamwamba pa unzake, monga chiswe chimangira chulu. Kusiyana kwake n'kwakuti chiswe chimafulumira. Makorali anthambi amakula masentimita ngati 10 pachaka, pomwe aakulu obulungira aja amangowonjezera sentimita imodzi kapena ziwiri. Thanthwe lofika m'mutu mwa munthu wamkulu likhoza kukhala lakale kuposa tchalitchi cha St Peter's cha pa Likoma.

M'matupi mwa tizilomboti mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa n'kumagawira mwininyumba ngati lendi. Ndi ndere zomwezi zimene zimapatsa makorali mitundu yokongola ija. Madzi akafunda kuposa nthawi zonse, ngakhale ndi digiri imodzi yokha kwa masabata angapo, mwininyumba amathamangitsa alendi ake, korali n'kuyera mbee ngati fupa. Kutentha kukapitirira amafa ndi njala.

Matanthwe amenewa satenga ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a pansi pa nyanja zamchere, koma pa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanjazo, umodzi umadalira iwo. Nsomba zimaswanamo ndi kubisalamo, ndipo matanthwewo amatchinga mafunde kuti asagumule gombe. Ngakhale nyumba zakale za ku Stone Town, likulu lakale la Zanzibar, zidamangidwa ndi miyala ya makorali.

Malo obirapo alipo ambiri kuzungulira chilumba chachikulu cha Unguja. Pafupi ndi Stone Town pali matanthwe a Bawe, Pange ndi Murogo, osaya kwenikweni, kumene ophunzira amayambira. Komweko kuli mabwinja a sitima yotchedwa Great Northern, yoyala mawaya a telegalafu pansi pa nyanja, imene idamira mu 1902 ndipo lero ndi mudzi wa nsomba. Kumpoto, kupitirira Nungwi, kuli Leven Bank, phiri la pansi pa madzi pakatikati pa nyanja, kumene madzi amakoka mwamphamvu moti amapitako ndi akatswiri okha, kukaona nsomba zikuluzikulu zosaka zinzake.

Koma dzina limene aliyense amalitchula ndi Mnemba. Aka ndi kachilumba kamchenga kumpoto chakummawa kwa Unguja, makilomita ochepa kuchokera ku midzi ya Matemwe ndi Muyuni, kakang'ono moti mukhoza kukazungulira pansi theka la ola lisanathe. Kazunguliridwa ndi matanthwe a makorali okhala ndi malo obirapo otchuka monga Kichwani, Wattabomi ndi Big Wall. Nyanja ikakhala bata madzi ake amayera moti munthu amaona mamita 20 kutsogolo. Kuli akamba a m'nyanja amene amaikira mazira mumchenga wa pachilumbapo, ma dolphin, ndi tinsomba tamawangamawanga tosawerengeka.

Pa Mnemba pomwepa ndi pamene funso langa lija laima poyera. Kale asodzi a m'midzi yoyandikana ankamanga misasa pamenepa akakhala pa ulendo wopha nsomba, monga achitira anzathu pa zilumba za m'nyanja yathu. Lero chilumbachi chidabwerekedwa kwa kampani ya mahotela, ndipo amene sadalipire malo ogona saloledwa kupondapo phazi. Malo ogonawo ndi a madola oposa 1,000 usiku umodzi munthu mmodzi. Mdzukulu wa msodzi amene ankawamba nsomba pamchengapo akhoza kufikapo ngati wantchito basi.

Wina anena kuti pakadapanda hotelayo ndi malamulo oteteza malowa, amene boma la Zanzibar lidakhazikitsa mu 2002, bwenzi matanthwe onse ataphwanyidwa. Pali choona pamenepa ndipo ndisachibise. Kwa zaka zambiri gombe la Tanzania lidatchuka ndi usodzi wa mabomba, woponya botolo la zophulika m'madzi n'kutola nsomba zoyandama, kusiya makorali a zaka mazana atasanduka zibuma. Mchitidwewu udachepa kwambiri boma la Tanzania litaukhwimitsira chamu 2017 ndi 2018. Palinso makoka okwekweza pansi amene amakolola ndi tiana tomwe, ofanana ndi maneti a udzudzu aja amene tikulimbana nawo kuno. Msodzi si mngelo.

Komabe tisamunamizire zonse. Pa Mnemba makorali ambiri adawonongedwa ndi okonda makorali eni akewo. Maboti ankadzaza pamalo amodzi mmawa uliwonse, lililonse likuponya nangula pathanthwe. Alendo osadziwa kusambira ankaima pa makorali kuti apume, ena n'kumathyola nthambi ndi zipsepse zawo, ena n'kumaponyera nsomba buledi kuti zibwere pafupi ajambule chithunzi. Bungwe loulutsa mawu la BBC lidalengeza mu 2024 kuti akuluakulu adachepetsa alendo ololedwa pamalo otetezedwawo kuchoka pa pafupifupi 400 kufika pa 80 patsiku, ndipo mtengo wolowera udakwera kuchoka pa madola atatu kufika pa 25. Chiyambire 2021 anthu a m'midzi yomweyo akhala akufesa tizidutswa ta makorali pa matebulo a pansi pa madzi, ngati nazale ya fodya, n'kumatiwokera pamene padafa.

Ndiye pali mdani wamkulu kuposa onsewa, amene sadachokere ku Matemwe. Mu 1998, chaka cha El Niño wamphamvu, madzi a m'nyanja ya Indian Ocean adafunda moti makorali ambiri a m'gombe la kummawa kwa Africa adayera n'kufa. Zidabwereza mu 2016, ndipo mu April 2024 asayansi adalengeza kuti dziko lonse lili pa mliri wachinayi wa kuyera kwa makorali. Kutentha kumeneku kumachokera ku utsi wa mafakitale, magalimoto ndi ndege za maiko olemera, kuphatikizapo ndege zomwe zimabweretsa alendo odzabirawo. Msodzi wa ngalawa ya thanga sawotcha ngakhale lita imodzi ya mafuta, koma pa msonkhano woteteza chilengedwe chala chimaloza iye.

Tsono njira yabwino ilipo? Ine ndikuiona pa kachilumba kena, Chumbe, makilomita ngati 12 kummwera kwa Stone Town. Mayi wina wa ku Germany, Sibylle Riedmiller, adayambitsa ntchito yoteteza malowa mu 1991, ndipo mu 1994 boma lidavomereza kuti thanthwe la kumadzulo kwa chilumbachi likhale lotetezedwa. Pamenepa pali mitundu ya makorali olimba pafupifupi 200 ndi mitundu ya nsomba yoposa 400, pa malo oti ndi aang'ono kuposa esiteti ya tiyi.

Chodabwitsa n'chakuti pa Chumbe kubira ndi mabotolo n'koletsedwa kupatula kwa ochita kafukufuku. Mlendo, kaya ndi wolemera chotani, amangoyandama pamwamba ndi galasi ndi kapaipi kopumira, motsogozedwa ndi mlonda. Lamulo lidaluma mbali zonse ziwiri: msodzi asaponye ukonde, mlendo asatsike ndi botolo. Nyumba zogona alendo n'zowerengeka, madzi ake ndi amvula, magetsi ndi a dzuwa. Alonda oyamba adatengedwa pakati pa asodzi a m'midzi yoyandikana, ndipo sanyamula mfuti. Ntchito yawo ndi kupita pa boti kukalankhula ndi msodzi mnzawo amene walowa malo oletsedwa, komanso kupulumutsa amene ngalawa yawo yawonongeka panyanja.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ana asukulu. Ndalama za alendo zimalipirira ana a m'sukulu za ku Zanzibar ndi aphunzitsi awo kuti apite pa Chumbe ulere, avale galasi, aviike nkhope m'madzi. Ambiri mwa anawa, makamaka atsikana, amakhala asadasambirepo chibadwire ngakhale adabadwira pachilumba. Ku Nungwi kuli gulu lotchedwa Panje Project limene limaphunzitsa atsikana ndi amayi kusambira atavala zovala zofunda thupi lonse, zogwirizana ndi chipembedzo chawo cha Chisilamu. Mwana amene waona ndi maso ake kansomba kakutuluka m'phanga la korali safunikanso chikwangwani chomuuza kuti thanthwe ndi lamoyo.

Ndisakometse mopitirira. Chumbe idali nkhani yosavuta poyerekeza ndi Mnemba. Pachilumbapo padalibe mudzi, ndipo mbali ya kumadzuloyo idali kale yovuta kuphako nsomba kaamba koti ili m'mphepete mwa njira ya sitima zikuluzikulu komanso asilikali ankagwiritsa ntchito dera loyandikana nalo. Amene adalandidwa malo adali ochepa. Chinanso, chitetezo chodalira mlendo chimayenda mlendo akamabwera. Mu 2020, matenda a Covid-19 ataimitsa ndege, mahotela adatsekedwa, ndalama zidauma, ndipo anyamata ambiri amene ankayendetsa maboti a alendo adabwerera ku ukonde. Mlendo ndi mame, akulu adanena.

N'chifukwa chake chitsanzo chimene ndimachikhulupirira koposa chilibe hotela n'komwe. Pa Kisiwa Panza, kachilumba ka kummwera kwa Pemba, anthu amadalira pweza, nyama ya m'nyanja ya miyendo 8 imene imabisala m'mapanga a makorali. Ena mwa amene amaisaka ndi amayi, oyenda pansi ndi kamtengo madzi akaphwa. Mu 2015 mudziwu, mothandizidwa ndi bungwe la Mwambao, udagwirizana zotseka gawo la thanthwe lawo kwa miyezi itatu. Nzeruyi idayambira ku Andavadoaka ku Madagascar mu 2004. Pweza amakula msanga kwambiri, choncho pa tsiku lotsegula amagwidwa akuluakulu, olemera pa sikelo, ndipo mtengo wake umakhala wabwino. Amene amatseka ndi eni mudzi, amene amalondera ndi eni mudzi, ndipo ndalama imaoneka m'manja miyezi itatu ikatha. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Munthu wa ana asanu simungamuuze kuti adikire phindu la zaka 20.

Owerenga a ku Salima anena kuti izi si zachilendo, ndipo akunena zoona. Pa chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa chaka ndi chaka m'nyengo yamvula, kuyambira mu December mpaka mu April, ndipo mwambowu udayamba m'zaka za m'ma 1950 kusadabwere mabungwe a galimoto zoyera. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo. Lamulo loletsa amayi kupondapo ndi nkhani ina yoti tidzakambirane tsiku lina. Koma utaka wa pa Mbenje ukadalipo pomwe madoko ena akulira.

Kufanana kwa nkhani ya Zanzibar ndi yathu sikuthera pamenepo. Ife tilibe makorali, koma tili ndi mbuna, tinsomba tamitundumitundu tokhala m'miyala, tambiri mwa ito tosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Alendo amabwera kudzabira ku Cape Maclear, ku Nkhata Bay ndi ku Likoma pofuna kuona mayi wa nsomba akumeza ana ake onse mkamwa mdani akayandikira, n'kuwalavula zinthu zikakhala bwino. Paki ya Lake Malawi National Park idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la Unesco lidaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Lamulo lake limaletsa kupha nsomba m'kati mwa mamita 100 kuchokera pagombe la pakiyo ndi zilumba zake monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo. Pakati pa zonsezi pali mudzi wa Chembe, wa anthu zikwizikwi odalira ukonde. Mkangano wa ku Matemwe ndi womwewo wa ku Chembe, kungosiyana mchere wa m'madzi.

Tsopano tibwerere ku madola aja. Kuti munthu afike pokhala mlangizi wa kubira, amene ndiye amalandira ndalama yooneka, ayenera kukwera makwerero angapo a maphunziro, lililonse ndi mtengo wake m'madola, kuwonjezapo zida. Mnyamata wa ku Matemwe kapena wa ku Chembe, amene amadziwa mwala uliwonse pansi pa madziwo ndipo amatha kuwerenga mphepo poyang'ana mtambo, ndalama zotere alibe. Mapeto ake iye ndiye woyendetsa boti ndi wosenza mabotolo, pomwe wolangiza alendo nthawi zambiri ndi mlendo mnzawo. Zilipo sukulu za kubira zimene zaphunzitsa achinyamata a m'midzi mpaka kukhala alangizi, ndipo ziyamikidwe. Koma izi zisamadalire kukoma mtima kwa mwini bizinesi. Boma likamapereka chiphaso cha sukulu yotere, kaya ku Zanzibar kaya kuno, lizilemba m'chiphasomo chiwerengero cha ana a m'deralo amene aziphunzitsidwa chaka chilichonse, ndipo polembetsanso chiphaso azionetsa mayina.

Ndalama zolowera nazo zisamayende mumdima. Ngati alendo 80 alipira madola 25 aliyense, amenewo ndi madola 2,000 tsiku limodzi. Mwana wa Sitandade 5 akhoza kuwerengera. Chimene msodzi amafuna kudziwa n'chakuti pa 2,000 imeneyo, zingati zafika pa mjigo, pachipatala kapena pasukulu ya m'mudzi mwake. Masukulu athu a pulayimale amatha kumata papepala pakhoma ndalama zimene alandira ndi mmene zagwirira ntchito. Palibe chimene chingaletse ofesi ya paki kumata pepala lotere pabwalo la mfumu mwezi ndi mwezi. Pamene palibe pepalalo pamamera mphekesera, ndipo munthu amene akukhulupirira kuti akuberedwa amadzuka usiku n'kukaponya ukonde pamalo oletsedwa mtima uli m'malo.

Ena amati asodzi amapindula kale chifukwa nsomba zikachuluka m'malo otsekedwa zimasefukira kunja, kumene iwo amazigwira. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake mumaona ngalawa zitandandalika m'malire mwenimweni mwa malo otetezedwa. Koma kusefukirako kumatenga zaka, ndipo m'zaka zodikirazo mphika umafuna ndiwo tsiku lililonse. Amene ayenera kulipira nthawi yodikirayo ndi amene akudyerera kukongola kwa malowo lero, osati amene wachotsedwapo.

Pomaliza pali chinthu chotchipa kuposa zonsezi, chimene a pa Chumbe adachiona kalekale. Kuti mwana aone mbuna safunika botolo, setifiketi kapena dola. Galasi limodzi ndi kapaipi zikhoza kuzungulira kalasi yonse, ndipo ku Otter Point kapena pa Thumbi nsombazo zimayamba kuoneka madzi akadali m'chiuno. Sukulu za ku Monkey Bay, Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay zimachita maulendo okaona malo chaka ndi chaka, ana n'kukathera pamchenga kudya mpunga ndi kujambulitsa. Makomiti a makolo akamakonza ulendo wa teremu ikubwerayi afunse ku ofesi ya paki ndi kwa eni malo ogona alendo ngati angabwereke magalasi 10, majekete oyandamitsa ndi munthu mmodzi wodziwa madzi, kwa maola awiri okha a mmawa mwera usadayambe.